Kwa mayi amene akufuna kugulitsa nyumba kuti mwana alowe koleji

Mayi wina wandilembera imelo. Mwana wawo wamkazi wakhoza bwino mayeso, koma malo ku yunivesite ya boma sanawapeze, ndipo koleji ina ya pulaiveti yamuitana. Akufunsa ngati n'kwanzeru kugulitsa kanyumba kamene amachititsa lendi kuti apeze fizi. Kumapeto awonjezera kuti akuchita manyazi kufunsa, poti kholo lenileni siliganiza kawiri pa za sukulu ya mwana.

Mayi, mawu anu omalizawo andilasa mtima, chifukwa ndinawamvapo kale m'kamwa mwa bambo anga. Manyaziwo atayeni. Kuwerengetsa musanasaine pepala n'kukonda mwana.

Achimwene anga, oyamba kubadwa m'banja mwathu, analowa koleji ya pulaiveti chaka chimene bambo anapuma pantchito. Ndalama zimene bambo analandira popuma zinakwanira chaka choyamba n'kutsalako pang'ono, ndipo pakhomo panali chimwemwe chokhachokha. Za chaka chachiwiri panalibe amene anazifunsa. Kalata yoti fizi yakwera inafika achimwene atazolowera kale, atapeza anzawo, aphunzitsi akuwatchula pakati pa ochita bwino. Pamenepo kholo lingabwerere bwanji m'mbuyo? Bambo anakatenga ngongole kubanki. Ndimawakumbukira usiku atakhala patebulo, magalasi ali pamphuno, akulemba manambala kuseri kwa envulopu imene inabwera ndi kalatayo, kufufuta, kulembanso, mpaka pepala linabooka. Tikawafunsa ankangoti, "Kagoneni ana anga, zitheka."

Chaka chachitatu fizi inakweranso, ndipo panabadwa tindalama tina tambirimbiri: ta laibulale, ta makompyuta, ta mayeso, ta chitukuko cha koleji, ta chiphaso. Tsiku la mayeso, pakhomo la holo panaima bambo wina wa ku ofesi ya zachuma, pepala lili m'manja. Amene dzina lake linalibepo ankabwezedwa anzake akuona. Achimwene anabwezedwa. Anafika kunyumba ndi sutikesi yodzaza makope, ndipo atapempha kuti awapatse zotsatira za zaka ziwiri zija kuti akapitirize kwina kotsikirako mtengo, anauzidwa kuti ayambe amaliza kaye ngongole. Ndalama zapita, pepala palibe, ngongole yakubanki ikubereka chiwongoladzanja mwezi ndi mwezi, kwinaku ife ang'onoang'ono tidakali pasukulu. Chitsirizira wathu, amene anali wanzeru kutiposa tonsefe, nthawi yake itakwana anapeza thumba litauma gwa. Iye ndi amene analipira kwambiri digiri yosathayo, ngakhale dzina lake silinalembedwe pa lisiti iliyonse.

Achibale ena ankauza bambo kuti walira mvula walira matope. Mawu amenewo sindinawavomerezepo ndipo sindidzawavomereza. Bambo anga ankangofuna kuti mwana wawo aphunzire. Matopewo anaponda munthu wina.

Fizi siikwera yokha ngati udzu wa m'dzinja. Pali zifukwa zake, zina zomveka. Katswiri wa zachuma wa ku America, William Baumol, anafotokoza m'zaka za m'ma 1960 kuti pali ntchito zina zimene makina sangazifulumizitse kwenikweni. Fakitale ikhoza kugula makina atsopano n'kupanga katundu wochuluka ndi antchito ochepa, pamene mphunzitsi amene akuchonga mayeso kapena kuyang'anira kafukufuku wa wophunzira amafunabe maola omwe aja, ndipo malipiro ake ayenera kukwera kuti asathawire kwina. Zimenezo ndimazimvetsa. Koma chifukwa chachikulu n'chakuti maboma ambiri anachotsa katunduyu pamutu pawo n'kumusenzetsa mabanja. Ku England, chisanafike chaka cha 1998, ophunzira a m'dzikomo sankalipira fizi ku yunivesite. Chaka chimenecho anayamba kulipira mapaundi 1,000 pachaka, mu 2006 inafika pa 3,000, ndipo mu 2012 inalumphira pa 9,000. Kodi maphunziro ake anakoma kasanu n'kanayi m'zaka 14 zimenezo? Ku America, ngongole zonse za ophunzira zinadutsa madola 1.6 thililiyoni. Ku South Africa, mu Okutobala 2015, ophunzira a pa yunivesite ya Wits ku Johannesburg anakana kukwezedwa kwa fizi ndi 10.5 peresenti, zionetsero zofuna kuti fizi itsike, zotchedwa Fees Must Fall, zinafalikira dziko lonse, mpaka boma linalengeza kuti chaka cha 2016 fizi sikwera. Pamene ku Germany, zigawo zimene zinayesa kulipiritsa fizi zinabwerera m'mbuyo chimodzichimodzi, ndipo pofika 2014 zonse zinali zitasiya. Ndiye munthu asakunamizeni kuti zinthu ziyenera kukhala chonchi. Ndi anthu amene amasankha, atakhala pamipando. Dokotala amene waphunzira sachiza mayi ake okha. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo boma loiwala zimenezi likudzibera lokha.

Makoleji a pulaiveti amamera pampata umene boma lasiya. Si onse oipa, ndipo ndikufuna mumve bwino pamenepa. Alipo a mipingo ndi a mabungwe osafuna phindu amene amaphunzitsa mwachikondi, makalasi ake ang'onoang'ono, mphunzitsi amadziwa dzina la wophunzira aliyense, kalendala yawo siisokonezeka. Koma alipo enanso amene ndi bizinesi basi, ndipo katundu amene amagulitsa ndi mantha a kholo. Amadziwa kuti mayi ngati inu mukaona mwana wa oyandikana nawo nyumba akulongedza, wanu ali phee pakhomo, mtima sungakhale m'malo. N'chifukwa chake pachikwangwani amaika achinyamata ovala mikanjo akumwetulira, koma sakuuzani kuti mwa amene analowa chaka choyamba ndi angati anafika pa tsiku la mkanjolo. Ku America kunali kampani yotchedwa Corinthian Colleges imene inatseka masukulu ake otsala mwadzidzidzi mu Epulo 2015, ophunzira pafupifupi 16,000 n'kudzuka opanda sukulu, ngongole zili m'khosi. Ngati zinachitika kumene kuli malamulo ambiri ndi maloya ambiri, zikhoza kuchitika paliponse.

Ndipo chizolowezi chobweza mwana pakhomo la holo ya mayeso ndimachitcha nkhanza. Koleji ili ndi ufulu wofuna ndalama zake, inde. Koma wophunzira amene wakhala m'kalasi semesita yonse msiyeni alembe, nkhani ya ndalama mukambe ndi makolo ake mu ofesi, chitseko chili chotseka. Kumuyalutsa pamaso pa anzake, kenako n'kumukanizanso zotsatira za zaka zimene analipira kale, ndi kumanga munthu miyendo n'kumuuza kuti athamange. Achimwene anga lero ndi bambo wa ana awo, amagwira ntchito yawo bwino, koma nkhani ya koleji ikayamba pagulu amatuluka panja.

Ponena za ngongole, ku Australia anayambitsa njira mu 1989 yoti wophunzira amabweza pokhapokha malipiro ake akafika pamlingo wina, ndipo ndalamazo zimadulidwa kudzera ku msonkho. Akapanda kupeza ntchito yabwino, palibe amene amabwera kudzanyamula mipando ya mayi ake. Ngongole yotere ndi yosiyana kutalitali ndi imene kholo limatenga kubanki litapinyolitsa nyumba, kapena, Mulungu aletse, kwa akatapila. Ya kholo imayamba kuluma mwezi wotsatira, mwana asanalembe ngakhale mayeso oyamba.

Tsono yankho langa

Nyumbayo musagulitse, mayi. Ndalama yogulitsira nyumba imabwera kamodzi, fizi imabwera semesita iliyonse, ndipo imabwera itakula. Lendi imene mumalandirayo ndi imene ingamuyendetse mwanayu mpaka kumapeto, ndiponso ndi imene idzakudyetseni mphamvu zikadzatha.

Pitani nokha ku kolejiko. Funsani ngati kolejiyo, komanso kosi yeniyeniyo, ndi zovomerezeka ndi bungwe la boma loona za maphunziro apamwamba, ndipo mukatsimikize nokha ku bungwelo. Pemphani kuti akuonetseni mmene fizi yakhala ikukwerera zaka zapitazi, tindalama tapambali tonse, ndi lamulo lawo pa wophunzira amene wachedwa kulipira. Werengetsani zaka zonse zinayi, muikepo malo ogona, chakudya, mayendedwe ndi laputopu, kenako muonjezerepo ina yapamwamba. Funsaninso za thandizo popanda manyazi: m'makoleji ambiri a pulaiveti a ku America, ophunzira ochuluka salipira mtengo wonse wolembedwa papepala, ndipo kulikonse amene sapempha sapatsidwa.

Masamuwo akakana, khalani pansi ndi mwanayo mumuonetse manambala onse, ndi wamkulu tsopano. Akhoza kuyamba ndi dipuloma ya zaka ziwiri imene imapereka pepala lakelake n'kudzapitiriza digiri ali pantchito, akhoza kuphunzira madzulo kapena kumapeto kwa sabata, akhozanso kudikira chaka n'kuyesanso ku yunivesite ya boma. Mukasankha dipuloma, auzeni a kolejiyo akulembereni papepala, losainidwa ndi kudindidwa, kuti zaka ziwirizo zidzawerengedwa akadzafuna kulowa digiri.