Yankho kwa mayi amene afunsa za chiwaya chafulati chophikira panja

Mayi, mwafunsa ngati chiwaya chafulati chimene munapangitsa kwa owotcherera zitsulo chingagwire ntchito ina kupatula kukazinga tchipisi ndi nyama ya mbuzi, ndipo mwadandaula kuti mazira amakakamira, pamene nkhuku imapserera pamwamba m'kati mukadali magazi. Yankho langa ndi lakuti chitsulo chimenecho chingathe kuphika chakudya cham'mawa, chamasana ndi chamadzulo cha banja lonse, koma zonse zikudalira mmene mwayalira moto pansi pake. Mavuto awiri amene mwatchulawo gwero lake lalikulu ndi limodzi, lomwe ndi kutenthetsa chiwaya chonse mofanana ndi moto wamphamvu.

Chiwaya chimene timachiona m'misika ndi m'madepoti a basi chimakhala ndi dzenje pakati, momwe mafuta amasonkhana, ndipo chakudya chimamira m'mafutamo mpaka kupsa. Chanucho ndi chosiyana, chifukwa chimene chimapsetsa chakudya ndi chitsulo chenichenicho, ndipo mafuta amangofunika ochepa oti apake pamwamba. Choncho makala musawamwaze paliponse. Aunjikeni ambiri mbali imodzi, ochepa pakati, ndipo mbali yotsalayo isakhale ndi khala ngakhale limodzi. Mukatero mumakhala ndi malo atatu pa chitsulo chimodzi: potentha kwambiri powaulira nyama, pofunda bwino pophikira mazira, nsomba ndi chapati, ndiponso pozizirirako posungira zimene zapsa kale kuti zisazizire. Ngati chanu ndi cha gasi, tsegulani kwambiri mbali imodzi, ina muichepetse kapena muizimitse. Kuphika pa chiwaya chotere kwenikweni ndi kusuntha chakudya kuchoka pamalo ena kupita pamalo ena, osati kulimbana ndi moto nthawi zonse.

Kuti mudziwe kutentha kwake popanda chipangizo choyezera, wazani madontho ochepa a madzi. Akangokhala phee n'kumauma pang'onopang'ono, chitsulo sichinatenthe. Akachita thovu n'kuuma msanga, pamenepo ndi pabwino pa mazira ndi mapankeke. Akasanduka timipira tothamangathamanga, kutentha kwafika pafupifupi madigiri 200 ndipo ndi nthawi yoika nyama. Chitsulo chochindikala mamilimita 5 kapena 6 chimafuna mphindi 10 mpaka 15 kuti chitenthe mokwanira, ndipo ambiri amalakwitsa pofulumira kuika chakudya nthawi imeneyi isanakwane.

Za kukakamira kwa mazira, chiwaya chatsopano chimafunika kuchikhwimitsa ndi mafuta musanayambe kuphikirapo. Chitsukeni ndi sopo kamodzi, chotsani dzimbiri lonse ndi sandipepala, chiumitseni pamoto, kenako pakani mafuta ophikira a mpendadzuwa kapena a soya pogwiritsa ntchito kansalu koyera. Mafutawo akhale ochepa zedi moti chitsulo chizingooneka chonyezimira, osati chonyowa. Chisiyeni pamoto mpaka utsi utuluke n'kuleka, ndipo bwerezani zimenezi kanayi kapena kasanu. Chimene chimachitika n'chakuti mafuta akatenthedwa kwambiri amauma n'kusanduka khungu lakuda lolimba limene limamatirira kuchitsulo, ndipo khungu limeneli ndi limene limaletsa chakudya kukakamira ndiponso kuteteza chitsulo ku dzimbiri. Mukathira mafuta ambiri nthawi imodzi, khungulo limakhala lonata ndipo limasupuka. Majarini musagwiritse ntchito pa zimenezi chifukwa muli madzi ndi mchere, ndipo amapserera msanga.

Pano ndiyenera kuchenjeza za chitsulo chenichenicho, chifukwa nkhani yake ikukhudza moyo. Ngati chiwayacho chinapangidwa ndi lata lonyezimira la mtundu wofolera nyumba, kapena ndi mgolo umene munali penti, mafuta a galimoto kapena mankhwala a mbewu, musaphikirepo. Malata amenewa amakutidwa ndi zinki, amene akatenthedwa kwambiri amatulutsa utsi wodwalitsa, ndipo zotsalira za mankhwala sizitha ndi kutsuka kokha. Funsani wowotchererayo kumene anatenga chitsulocho. Chabwino ndi chitsulo chakuda chosapakidwa kanthu. Ku South Africa alimi ankapanga chiwaya chawo chotchedwa skottel kuchokera ku chimbale chakale cha pulawo, ndipo chifukwa chake chinali chomwechi, chakuti ndi chitsulo chochindikala chosunga kutentha. Musalowetsenso mbaula yamakala m'nyumba yotseka pothawa mvula kapena kuzizira kwa mu Juni, chifukwa makala amatulutsa mpweya wakupha umene sununkha ndiponso suoneka.

Tsopano za zakudya. M'mawa, yambani ndi mbatatesi kapena mbatata zimene mwaziwiritsa kale kwa mphindi 8 mpaka 10 n'kuzidula m'mapisi, chifukwa zaziwisi zimapserera zisanafewe. Ziikeni pakati ndi anyezi, soseji ikhale chapafupi, buledi mumuwambe kumbali yozizirirako, ndipo mazira muwaswe pomaliza penipeni popeza amapsa m'mphindi ziwiri kapena zitatu. Chinangwa chowiritsa chimakoma chimodzimodzi chikafiirira mbali zonse. Chimene ndimachikonda kwambiri ndi mkute: nsima yotsala dzulo ikalimba, iduleni m'zidutswa zochindikala ngati chala, pakani timafuta pang'ono ndi mchere, muziike pamoto wapakati mpaka kunja kukhale kolimba ndi kofiirira. Ana amene amakana nsima yozizira amadya imeneyi mosangalala ndi tiyi, ndipo ufa suwonongeka.

Chapati ndiye mwini wake wa chitsulo chafulati, popeza ku India ndi kum'mawa kwa Africa amamuphika pa chitsulo chotere. Sakanizani makapu 3 a fulawa, mchere pang'ono, masupuni awiri a mafuta ndi kapu imodzi ya madzi ofunda, kandani bwino, ndipo musiye mtandawo upume kwa theka la ola kuti usamabwerere pouyala. Aliyense amatenga pafupifupi mphindi imodzi mbali iliyonse. Phala la zitumbuwa, la nthochi zakupsa ndi ufa wa mgaiwa, mungalithire ndi supuni n'kulipapatiza kuti likhale lopyapyala, ndipo limapsa bwino ndi mafuta ochepa kwambiri poyerekeza ndi amene timathira pokazinga m'poto. Mandasi okha ndi amene sangatheke, chifukwa amafuna kumira m'mafuta.

Pa nyama ndi pamene ndikufuna kuchedwapo, chifukwa ndi pamene pali dandaulo lanu. Nyama imayamba kufiirira ndi kununkhira bwino pamwamba pake pakatentha kupitirira madigiri 140, koma madzi amawira pa madigiri 100, ndipo malinga ngati pachiwaya pali madzi, kutentha kwa nyamayo sikungadutse pamenepo. N'chifukwa chake nyama yonyowa, kapena yothiridwa mulu waukulu nthawi imodzi, imatulutsa msuzi n'kumawira m'malo mowauka, ndipo imatuluka yotuwa ndi yolimba. Ipukuteni ndi kansalu kuti iume, iduleni mopyapyala modutsa mitsempha yake osati motsatira, ndipo siyani mpata pakati pa nthuli ndi nthuli. Mukaiika, musaigwiregwire. Ikawauka mokwanira imadzimasula yokha, ndipo mukaona kuti ikukana kutembenuka, dziwani kuti nthawi sinakwane. Nyama ya ng'ombe kapena ya mbuzi yokalamba mungaifewetse poipaka papaya wosapsa wosinja kwa mphindi 30 zokha, chifukwa mukapitirira apo imafewa mopitirira muyeso. Chiwindi chimafuna moto wamphamvu ndi nthawi yochepa.

Nkhuku yamafupa siingapse pamoto wamphamvu wokha. Iwauleni kaye kumbali yotentha mpaka khungu lifiire, kenako isunthireni kofunda, thirani madzi supuni ziwiri pambali pake, ndipo ivundikireni ndi beseni lachitsulo kapena chivundikiro cha poto chakuya. Nthunzi imene yatsekeredwayo ndi imene imapsetsa m'kati, ndipo pamafunika mphindi 20 mpaka 25 malinga ndi kukula kwa nthuli. Nkhuku imakhala yotetezeka m'kati mwake mukafika madigiri 74. Ngati mulibe choyezera, bayani pafupi ndi fupa muone kuti madzi otuluka ndi oyera. Yachikuda ndi bwino kuiwiritsa kaye ndi mchere, adyo ndi jinja, chiwaya chingomalizitsa. Nyama ya nkhumba nayo ipse mpaka m'kati, chifukwa yosapsa bwino imatha kufalitsa njoka zam'mimba, ndipo ngati muona timatuza toyera tonga mpunga m'minofu yake, musaidye n'komwe.

Chambo mumupale mamba, mumutumbule, mumucheke mizere itatu mbali zonse, mumuthire mchere ndi kumuumitsa bwino. Aikidwe pamoto wapakati pamalo opakidwa mafuta, akhale mphindi 5 kapena 6 osasunthidwa, ndipo atembenuzidwe kamodzi kokha. Mandimu muthire atapsa kale. Usipa wauwisi mukaugubuduza mu fulawa wamchere umawauka m'mphindi zochepa. Ndikulangiza kuti nsomba zizikhala zomaliza kuphikidwa, popeza fungo lake limatsalira pachitsulo ndipo palibe amene angakondwe ndi chapati wonunkha usipa.

Masamba anthu amawaiwala, chonsecho amatuluka bwino kuposa m'poto. Kabichi, repu, chayinizi ndi mpiru, mukazidula n'kuzitakasa ndi anyezi pamoto wamphamvu kwa mphindi zitatu kapena zinayi, zimakhala zobiriwira ndi zosalobodoka m'kamwa. Mabiringanya, bowa, tsabola wobiriwira ndi therere lobala lodulidwa m'litali zimafiirira bwino, ndipo thererelo silinanda likaphikidwa chotere. Chimanga chachiwisi, nthochi zophika ndi mtedza wokazinga nazonso zimatheka, mtedzawo kumbali ya moto wochepa mukutakasa kosalekeza. Mpunga wa Kilombero wotsala dzulo mungaukazinge ndi mazira, karoti ndi kambuzi pang'ono, koma pokhapokha ngati unaziziritsidwa msanga n'kusungidwa m'firiji, chifukwa mpunga wogona pofunda umatha kukhala ndi poizoni amene satha ngakhale muutenthetsenso.

Zimene sindingakulimbikitseni ndi ndiwo zamsuzi. Nyemba, nkhwani wotendera ndi nsima ndi zam'poto, ngakhale kuti poto wakeyo mungamukhazike pakona ya chiwaya kuti asazizire. Tomato wambiri wowira nthawi yaitali amadya khungu lakuda lija chifukwa cha kuwawasa kwake, choncho msuzi wa tomato upangidwe padera. Mbale ndi mpeni zimene zakhudza nyama yaiwisi zisakhudzenso chakudya chakupsa musanazitsuke.

Mukamaliza kuphika, palani zotsalira ndi chopalira chachitsulo chiwaya chikadali chofunda, thirani madzi ochepa kuti nthunzi imasule zomatirira, pukutani, ndipo pakani timafuta tochepa musanachisunge. Musathire chidebe cha madzi ozizira pachitsulo chotentha kwambiri chifukwa chimapindika, ndipo chikapindika mafuta amathawira mbali imodzi. M'nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, chisungeni pouma mutachiimika chotsamira khoma kuti madzi asadekhe pamwamba pake. Dzimbiri likagwira musachitaye: likwecheni ndi sandipepala mpaka chitsulo chioneke, kenako bwerezani kupaka mafuta ndi kutenthetsa monga munachitira chili chatsopano.