Bambo anga adwala sitiroko, azingogona kapena aziyenda?

FUNSO: Moni a tsamba la zaumoyo. Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala kwa Chisitu kuno ku Mulanje. Bambo anga athyola tiyi ku esiteti zaka zambiri, nde mwezi watha anagwa kubafa, kuchipatala anati ndi sitiroko chifukwa cha bipi. Dzanja ndi mwendo wa kumanja zafooka, kuyankhulanso kukuvuta. Anatiuza kuti azichita mafizo (masewera olimbitsa ziwalo) koma amayi akukana, akuti tikuwazunza akuluwa, angogona mpaka mphamvu zibwere zokha, ngakhale nsima akuchita kuwadyetsa. Ndimvere ndani?

YANKHO: Achemwali, amayi anuwo ndi chikondi chikuwachititsa, musawakalipire, koma mphamvu sizingawapeze bambo ali pa mphasa. Vuto lili mu ubongo osati m'dzanjamo, mtsempha wa magazi unatsekeka kapena kuphulika ndiye malo ena a ubongo anawonongeka. Mbali ya kumanzere ya ubongo ndi imene imayendetsa ziwalo za kumanja, ndipo kwa anthu ambiri za kuyankhula zilinso komweko, nchifukwa chake ziwirizi zabwera limodzi. Mwamwayi malo otsala aja amatha kuphunzira ntchito ya anzawo, koma amaphunzira pokhapokha chiwalocho chikugwira ntchito mobwerezabwereza tsiku ndi tsiku, ndipo kusintha kumathamanga kwambiri m'miyezi 3 mpaka 6 yoyamba. Mwezi umodzi wapita kale, izi nzimene zikundidetsa nkhawa ine.

Akangogona minofu imafota, zala ndi chigongono zimauma zili chopindika, zilonda zimatuluka m'matako ndi kumsana, chibayonso sichichedwa.

Yambani pang'ono. Azikhala tsonga pampando nthawi yodya, kenako kudzuka ndi kukhalanso kangapo inu muli mbali yofookayo mutawagwira m'chiuno. Achimwene anu azike mitengo pabwalo ndi kumangirira nsungwi ziwiri zolimba zofika m'chiuno, bambo aziyenda pakati atagwira uku ndi uku, lero masitepe asanu mawa asanu ndi limodzi, basi. Dzanjalo lipatseni ntchito zenizeni, kugwira kapu, kusankha nandolo mu lichero, kutong'ola chimanga, kumanga mabatani a malaya, ngakhale zitenge ola lonse nandolo wina atayike, asiyeni achite okha. Ngati silikusuntha nkomwe alinyamule ndi dzanja labwinolo zala atazilukanitsa. Muzichezanso nawo, kuyimba nawo nyimbo za kutchalitchi, osawamalizira mawu akamavutika kutchula.

Chonde chonde, musawakoke dzanja lofookalo powadzutsa, phewa limaguluka mosavuta ndipo ululu wake umatenga nthawi kutha. Akakhala pansi dzanjalo liikeni pa pilo lisalendewere. Akamva chizungulire, kupweteka pachifuwa kapena kubanika, apume pomwepo ndipo mukawauze achipatala. Kukamwa kukapindikanso kapena mbali ina ikafooka mwadzidzidzi thamangani nawo kuchipatala nthawi yomweyo, osadikira kuti kuche.

Mankhwala a bipi asadumphitse ngakhale akumva bwino, mchere mu ndiwo muchepetse, fodya ngati amasuta asiye. Tsiku lopita ku mafizo ku chipatala cha boma ku Mulanje kapena ku chipatala cha mafizo cha Kachere ku Blantyre akakutumizani, mutenge amayi akaone okha mmene amawagwirira bambo, chifukwa ndi iwo amene amakhala nawo pakhomo tsiku lonse.