Funsani kaye za placement musanalipire dipoziti

Asisi, pa zimene mwafunsa zobwera ku England kudzachita master's ya social work, onse pano akukuuzani za fizi ndi viza, koma palibe amene watchula placement (nthawi yokaphunzira ntchito kumalo antchito), pomwe ine ndi imene inatsala pang'ono kundibweza kumudzi chimanjamanja. Master's ya social work kuno ku England ndi ya zaka ziwiri, osati chimodzi ngati ma master's enawa. M'kati mwake muli masiku 200 ophunzira ntchito yeniyeni: 70 pa placement yoyamba, 100 pa yachiwiri, 30 otsalawo ndi osula luso. Onsewo simulandira olo penny. Mukalephera placement, kaya ma essay munawakhoza bwanji, Social Work England, bungwe loyang'anira ma social worker kuno, sikulembani m'kaundula, ndipo osalembedwa simuloledwa kudzitcha social worker.

Yanga yachiwiri inali ku gulu loona za ana pa khonsolo ina. Laisensi yoyendetsera galimoto ya ku Malawi imagwira miyezi 12 yokha chifikireni, ndipo siisinthidwa ngati ya anzathu a ku Zimbabwe ndi South Africa, mumayambiranso mayeso. Ndiye chaka chachiwiri, pamene galimoto ikufunika kwambiri, ine ndinali wa basi. Loweruka ndi Lamlungu ndikugwira mashifiti ku care home m'maola 20 pa sabata amene viza imalola, Lolemba m'mawa ndili pa siteji mu January, kunja kudakali mdima.

Tsiku lina basi sinabwere, ndinafika mochedwa kunyumba kwa banja lina. Sabata yomweyo practice educator wanga, amene amakuphunzitsa ndi kukuyesa pa placement, anaitanitsa msonkhano, tutor wa ku yunivesite ali pomwepo. Ndinalowa nsapato zili chonyowa, masokosi akumata. Practice educator uja, ndisanakhale n'komwe, anandikankhira bokosi la tishu patsogolo. Anali atakonzeratu kuti ndilira! Kenako anayamba kuwerenga pepala lake: akuti sindiyang'ana anthu m'maso, ndimalankhula motsitsa, ndimalemekeza makolo m'malo mowafunsa mafunso ovuta, malipoti anga ndi ofotokoza chabe opanda kuunika. Atatero anandifunsa, uku akumwetulira, ngati kwathu kuli malamulo oteteza ana. Ine amene ndinagwira ntchito ku social welfare ya paboma, kukwera njinga yamoto kukalanditsa mtsikana pa ukwati, kukhala pansi ndi anyakwawa mpaka dzuwa kupendeka! Mtima unachita kuwira. Munthu yemweyo supervision, nthawi yoti tikhale pansi kuunika ntchito yanga, ankangoisuntha, lero ali pa tchuthi, mawa ali ku khoti, pomwe ndi m'menemo anayenera kundiuza zonsezi kalekale. Mpaka lero ndikamva pefyumu wonga wake chakudya sichilowa.

Ndinayankha, asisi. Ndinamuuza kuti Child Care, Protection and Justice Act tinali nayo kuyambira 2010 ndipo ndaigwiritsa ntchito m'khoti. Ndinatulutsa kope langa n'kuwerenga madeti onse amene anathetsa supervision, mawu akunjenjemera koma osasiya. Tutor anangoti zii, kenako anayamba kulemba. Anandipatsa action plan, ndondomeko ya zoti ndikonze, inde, koma anandisinthiranso practice educator, ndipo ndinamaliza.

Komabe langizo langa: musalimbane nawo anthu amenewa, cholembera chili m'manja mwawo. Muzingoti chabwino, muziwayang'ana m'maso olo zikukuvutani, koma chilichonse mukakambirana muzitumiza imelo yobwereza zimene mwagwirizana. Malamulo a kuno, Children Act 1989, makamaka section 17 ndi section 47, komanso Care Act 2014, muyambe kuwerenga mudakali ku Lilongwe konko. Mayeso a galimoto mulembetse chaka choyamba, mzere wake ndi wautali.

Za ana anu awiri mwatchulazo, dziwani kuti kuyambira January 2024 wophunzira master's yamtundu uwu saloledwa kubwera ndi banja. Bursary ya NHS imene anzanu m'kalasi azidzaikamba si ya ife obwera pa viza ya sukulu. Kuwonjezera apo pali ndalama ya zaumoyo, £776 pa chaka, yolipiriratu pofunsira viza. Ine wachibale wanga sindingamulole kuchita zimenezi ndi ndalama ya ngongole, ayi ndithu. Koma ngati malo akupatsani kale musawataye, ntchito ikupezeka mukamaliza, ine pano ndili mu ASYE, chaka choyamba cha ntchito chimene amakuthandiza ndi kukuunika. Ndilembereni ku inbox mundiuze tauni yake, kuli madera ena opanda galimoto simungayende n'komwe.