Kwa mayi amene akukadya pizza ndi asewere awo ku Napoli

Mayi, mwanena kuti mwana wanu akukwatiwa ndi mnyamata wa mumzinda wa Napoli ku Italy, kuti makolo a mnyamatayo akuitanani kukadya pizza madzulo a tsiku limene mudzafike, ndipo mukufuna kudziwa ngati mudzadye ndi manja kapena ndi foloko, komanso zimene zingakuchititseni manyazi pamaso pa asewere anu. Nkhani ya foloko isakusowetseni tulo, chifukwa eni akewo amagwiritsa ntchito zonse ziwiri. Chimene iwo amachiyang'ana kwambiri n'chakuti mlendo wadya pizza yake ikadali yotentha ndipo waidya ndi mtima wonse.

Ku Italy pizza si chakudya chogawana ayi. Munthu aliyense amaitanitsa yakeyake, yathunthu, yokula pafupifupi masentimita 30, ndipo nthawi zambiri imafika pa tebulo isanadulidwe. Musachite nayo mantha mukadzaiona itadzaza mbale mpaka kusefukira m'mbali, pakuti pakati pake ndi popyapyala kwambiri ndipo ngakhale agogo okalamba amaimaliza okha. Musadzanene kuti imodzi ikukwanirani inu ndi bambo akunyumba, chifukwa mawu amene kwa ife ndi kudzichepetsa, kwa iwo angamveke ngati simunakondwere ndi malo amene akusankhirani. Kusinthana kachidutswa kuti mulawe ya mnzanu n'kololedwa, bola mwini wake ayambe kukupatsani.

Pizza ya ku Napoli imaphikidwa mu uvuni wa nkhuni wotentha kupitirira madigiri 430, ndipo imakhalamo masekondi 60 mpaka 90 basi. Bungwe loteteza pizza yeniyeni ya ku Napoli la Associazione Verace Pizza Napoletana, lomwe linakhazikitsidwa mu 1984, ndi limene linalemba malamulo a kaphikidwe kameneka, ndipo mu 2017 UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaika luso la ophika pizza a mumzindawu pa mndandanda wa chikhalidwe choyenera kutetezedwa. Chifukwa cha moto waukali wa kanthawi kochepa chotero, pizzayo imatuluka yofewa, yonyowa pakati, tchizi chikuyenderera, koma ikangokhala pang'ono tchizi chimauma ndipo mkate umayamba kutafunika ngati mphira. Komanso uvuni sutenga pizza zambiri nthawi imodzi, choncho pa tebulo la anthu ambiri mbale zimabwera motsatizana, wina akulandira pamene mnzake akudikirabe. Apa ndi pamene mwambo wathu ungakupusitseni. Ife tinaleredwa kuti sitiyamba kudya akuluakulu asanasambe m'manja, koma kumeneko yanu ikadzafika poyamba, asewere anu adzakuuzani kuti yambani isanazizire, ndipo adzakhala akunena zochokera pansi pa mtima. Kuzengereza kamodzi mwaulemu sikulakwa, koma mukadzaumirira kudikira mpaka onse alandire, mudzawasowetsa mtendere, ndipo adzangoyang'ana mbale yanu m'malo mocheza nanu. Ngati mumapemphera musanadye, pempherani mwachidule chamumtima.

Tsopano za mpeni ndi foloko. Poti pizza imabwera yathunthu, mpeni mudzaufuna ndithu. Yambani kudula kuchokera pakati kupita m'mphepete kuti mutulutse chidutswa cha makona atatu. Nsonga yake, yomwe ndi yofewetsetsa, idyeni ndi foloko, chifukwa mukainyamula m'mwamba imagwa mphwayi ndipo tomato ndi tchizi zimatsetserekera pa chovala. Mukafika pamene mkate wayamba kulimba, mukhoza kuika foloko pansi, kugwira mphepete ndi zala, kupinda chidutswacho pakati kuti msuzi ukhale mkati, n'kudya ndi manja. Ena amapindira nsonga ija mkati poyamba kenako n'kupinda m'mbali, ndipo amadya chidutswa chonse osagwetsa kadontho. Ine ndingakulangizeni kuti muyang'ane mayi a mnyamatayo: akadzapitiriza ndi foloko mpaka kumapeto, teroni nanunso, ndipo akadzagwira ndi manja, masukani. Kadyedwe kameneka kamasiyana malinga ndi malo. Mu 2014 Bill de Blasio, amene anali meya wa New York, anasekedwa kwambiri atajambulidwa akudya pizza ndi foloko, chifukwa kumeneko amagula chidutswa chimodzi n'kuchipinda m'manja. Ku Napoli komweko, m'misewu amagulitsa pizza yaing'ono yopindidwa kanayi m'pepala yomwe anthu amadya akuyenda, koma zimenezo ndi za pamsewu, osati za pa tebulo limene mwaitanidwa.

Mphepete yotukuka ija mudzaiona ili ndi timadontho takuda. Sikuti yapserera, ndi mmene moto wa nkhuni umaisiyira, ndipo anthu a kumeneko amaweruza luso la wophika poyang'ana mphepeteyo. Idyeni, ndipo muigwiritse ntchito kukombera msuzi wotsala m'mbale. Kudya pakati pokha n'kusiya mkombero wonse kumaoneka ngati zochita ana. Mukadzakhuta zenizeni, ndi bwino kusiya chidutswa chathunthu kusiyana ndi kusiya mulu wa mphepete zolumidwalumidwa.

Posankha, musavutike ndi mndandanda wautali. Margherita, ya tomato, tchizi cha mozzarella, masamba a basil ndi mafuta a olivi, ndi imene eni mzinda amainyadira, ndipo anthu amasimba kuti wophika pizza wina dzina lake Raffaele Esposito anaiphikira Mfumukazi Margherita ya ku Italy mu 1889. Ngati tchizi sichikuyanjani, itanitsani marinara, yomwe ili ndi tomato, adyo, masamba onunkhira a oregano ndi mafuta okha. Ngati simudya nkhumba, funsani kudzera mwa mkamwini wanu musanaitanitse, chifukwa nyama zambiri zoikidwa pa pizza, monga salami ndi prosciutto, ndi za nkhumba. Musapemphe tomato sosi wa m'botolo kapena mayonezi, ndipo za chinanazi musazitchule n'komwe pokhapokha ngati mukufuna kuyambitsa nthabwala, pakuti pizza imeneyo inayambira ku Canada mu 1962 ndipo ambiri ku Napoli saiwerengera. Ngati mumakonda zowawa, mafuta a tsabola alipo m'malo ambiri ndipo kuwapempha si mwano.

Chakumwa chozolowereka ndi mowa wozizira, madzi kapena zoziziritsa kukhosi, ndipo palibe amene adzakukakamizeni mowa ngati simumwa. Khofi wa mkaka amamwa m'mawa, choncho mukatha kudya pemphani khofi wakuda wa m'kakapu kakang'ono kapena musiye. Manja anu azioneka pa tebulo, osati kubisika pamiyendo. Poti ndi iwo akuitanani, bilu adzalipira okha, ndipo kulimbirana nawo sikofunika. Mudzawabwezere tsiku lina powaitana inuyo. Pa tsikulo musadzadabwe kuona kandalama kowonjezera pa munthu aliyense kotchedwa coperto, chifukwa ndi kolipirira malo ndi ziwiya za pa tebulo.

Chakudya chamadzulo kumeneko chimayamba mochedwa, kawirikawiri cha m'ma 8 koloko kapena kupitirira. Masana a tsikulo mudzadye mopepuka, ndipo ngati ulendo wa pandege udzakutopetseni, mudzagoneko pang'ono musananyamuke.