Popita ku Sydney maola 12, pobwera 14: kodi tikiti yalakwika?

Mayi wina wa ku Blantyre wandilembera imelo sabata ino. Mwana wawo akuphunzira ku Sydney, ku Australia, ndipo wawagulira tikiti yoti akamuone podzera ku Johannesburg. Chikuwasowetsa mtendere n'chakuti popita ndege iuluka maola pafupifupi 12, koma pobwera 14. Akuti, "Njira ndi yomweyo, nanga maola awiriwo achokera kuti? Kapena pobwera imaima penapake?"

Mayi, mtima m'malo. Tikiti ili bwinobwino, ndipo ndege ya Qantas ya njira imeneyi siima paliponse. Kuchoka pa bwalo la ndege la O.R. Tambo ku Johannesburg kukafika ku Sydney ndi makilomita pafupifupi 11,000. Mtunda ndi womwewo, chosintha ndi mphepo.

Kumwamba kumene ndege zikuluzikulu zimadutsa, makilomita 10 mpaka 12 kuchokera pansi, kuli mphepo yamphamvu yochokera kumadzulo kulowera kum'mawa, ndipo nthawi zina liwiro lake limaposa makilomita 200 pa ola. Ndege payokha imathamanga pafupifupi 900. Popita ku Sydney mukulowera kum'mawa, ndiye mphepoyo imakukankhani kumsana. Pobwera mumakumana nayo. Amene anapalasapo bwato mu Shire akudziwa kuti kutsika ndi madzi kumapepuka, pomwe kukwera mtsinje thukuta lili kamukamu. M'mlengalenga ndi chimodzimodzi.

Mukamaona mapu pa kasikirini ka patsogolo panu, musadzidzimuke kuti ndege yakhotera kum'mwera, pamwamba pa nyanja yokhayokha. Dziko ndi lobulungira. Tengani lalanje ndi ulusi, mulumikize malo awiri otalikirana chakumunsi kwake, muona kuti njira yachidule ikupendekera kumunsiko. Pobwera, ndege nthawi zina imatsikira kum'mwera kwambiri moti anthu amaona madzi oundana a ku Antarctica pa windo. Ngati mungathe kusankha mpando, ine ndingati tengani wa pawindo.

Chimene chimasokoneza anthu ambiri ndi nthawi yolembedwa pa tikiti, chifukwa mzinda uliwonse amaulembera nthawi ya kwawo. Malawi ndi South Africa nthawi ndi imodzi, koma Sydney ili patsogolo ndi maola 8, ndipo kuyambira Okutobala mpaka kumayambiriro kwa Epulo amakhala 9. Tinene kuti mwanyamuka ku Sydney 10 koloko m'mawa mu Julayi. Mutera ku Johannesburg cha m'ma 4 koloko madzulo a tsiku lomwelo. Papepala zikuoneka ngati maola 6, koma msana wanu ukhala utawerenga 14. Choncho muziimirira n'kumayendayenda pang'ono, ndipo madzi muzimwa pafupipafupi.

Pali china chimene simunafunse. Ndikudziwa kuti mayi sapita kwa mwana chimanjamanja, m'chikwama mukhala ufa, nsinjiro, mwina kausipa. Ku Australia amakhwimitsa kwambiri malamulo pa zakudya zolowa m'dziko. Mukapatsidwa kapepala kodzaza musanatere, lembani kuti muli ndi chakudya ndipo mukachionetse chonse. Chosaloledwa angochitenga basi, koma mukabisa amalipitsa chindapusa chachikulu.