Funsani Aphunzitsi: bwanji gemu imaima pa 2,147,483,647?

Funso: Aphunzitsi, ine ndili Fomu 3 ndipo ndimakonda kusewera magemu pafoni ya achimwene anga. Tsiku lina ndinaona vidiyo ya munthu wina mapointi ake atafika pa 2,147,483,647 kenako osakweranso olo azisewerabe, mnzanga akuti ndi chinyengo cha eni gemuyo. Nambalayi ili ndi chani chapadera? Wophunzira, Zomba

Yankho: Wafunsa bwino mwana wanga, ndipo mnzakoyo ukamuuze kuti chinyengo palibe, thumba langodzadza basi. Tenga 2 uchulukitse ndi 2, zomwe wapezazo uchulukitsenso ndi 2, uzingopita choncho mpaka ma 2 akwane 31, upeza 2,147,483,648, ukachotsapo 1 ndi nambala yako ija. Mapulogalamu ambiri amasunga nambala m'timalo 32 totchedwa ma bit, kalikonse kamangosunga 0 kapena 1, kamalo kamodzi ntchito yake ndi kunena ngati nambala ili ya positive kapena negative ndiye totsala ndi 31, ndipo tonseto tikadzadza ndi ma 1 nambala yake ndi imeneyi. Ukaonjezerapo 1 magemu ena amangoima pompo, ena amagadabuzika n'kulemba -2,147,483,648.

Koma ine chomwe chimandikoka mtima pa nambalayi sichamakompyuta ayi, ndi choti ndi prime number, kutanthauza kuti palibe nambala ingaigawe osatsala kanthu kupatula 1 ndi iyo yomwe. Tayesa wekha. Imathera ndi 7 ndiye 2 ndi 5 zagwa kale, ukaphatikiza madijiti ake onse upeza 46 ndiye 3 nayenso wagwa. Nanga zina zonsezo? Leonhard Euler, katswiri wa masamu wa ku Switzerland, anatsimikiza zimenezi mu 1772 ali ku St Petersburg, wopanda kakyuleta, maso akenso nthawi imeneyo anali atafa pafupifupi onse. Sanayese manambala mabiliyoni awiri ayi, anadziwa kuti palibe chifukwa chopitirira 46,340 poti ukachulukitsa 46,341 ndi iyo yomwe wadutsa kale nambalayo, komanso kuti chilichonse chingaigawe chikuyenera kutsala ndi 1 ukachigawa ndi 62, zinthu ngati 311 kapena 373, ndiye mulu wa zoyesa unachepa kwambiri moti munthu atha kuumaliza ndi cholembera. Ndimafuna ana anga m'kalasi azimva zimenezi, kuti anayamba kaye waganiza asanayambe kugawa.

Manambala a mtundu uwu, ochulukitsa ma 2 n'kuchotsa 1, amatchedwa a Mersenne potengera Marin Mersenne, wansembe wa ku France yemwe anamwalira mu 1648. Chenjera koma, si onse ali prime. Ma 2 okwana 11 kuchotsa 1 ndi 2,047 ndipo imeneyi ndi 23 kuchulukitsa ndi 89, taonanso kuti 23 ndi 89 zonse zikutsala ndi 1 ukazigawa ndi 22, lamulo lomwe lija, poti 22 ndi 11 kuchulukitsa ndi 2 ngati mmene 62 alili 31 kuchulukitsa ndi 2. Anthu akusakabe ma prime a mtundu uwu mpaka pano, mu Okutobala 2024 Luke Durant wa ku America anapeza ya ma 2 okwana 136,279,841 kuchotsa 1, ili ndi madijiti 41,024,320.

Nambala yako ija udzakumana nayonso. Makompyuta ambiri amawerenga nthawi m'masekondi kuyambira pa 1 Januwale 1970, ndipo masekondi 2,147,483,647 ndi zaka 68 ndi masiku ochepa, ndiye akwana pa 19 Januwale 2038 nthawi ili 5:14 m'mawa kuno kwathu. Makina akale omwe adzakhale asanakonzedwe wotchi yawo idzabwerera ku Disembala 1901, n'chifukwa chake atsopano akusunga nthawi m'ma bit 64.