Eyakoni ya pawindo: mugule kapena muyambe mwadikira?

Bambo wina wa ku Nchalo wandilembera imelo sabata ino. Akuti amakhala m'nyumba ya lendi, yamalata koma yopanda siling'i, ndipo Okutobala akafika banja lonse limachezera kutembenuka pamphasa mpaka tambala woyamba. Mnzake akugulitsa eyakoni yakale ya pawindo, ya 12,000 BTU (muyeso wa mphamvu yake yoziziritsira), pamtengo wabwino. Akufunsa kuti makinawa amagwira bwanji ntchito, ndipo kodi amaposadi fani kapena eyakoni zamakono zija zopachika pakhoma.

Bambo, zikomo polemba. Kutentha kwa m'chigwa cha Shire si nkhani yocheza, makamaka m'nyumba mukakhala ana aang'ono.

Choyamba mudziwe kuti eyakoni sipanga kuzizira. Imangotuta kutentha m'chipinda n'kukakutaya panja. Mukagwira kumbuyo kwa firiji yanu mumva kufunda: kumeneko n'kutentha komwe kwachotsedwa m'kati. Eyakoni ya pawindo ndi firiji yomweyo, kungoti nkhope yake yaloza m'chipinda, msana uli kunja. M'timapaipi take mumayenda gasi wapadera. Akamafika mbali ya m'nyumba amakhala ngati madzi ozizira kwambiri, ndipo mpweya wa m'chipinda ukamudutsa, iye amayamwa kutentha n'kusanduka nthunzi. Kenako kompuresa, chija chimalira chikamayaka, imamupanikiza mpaka atenthe kuposa mpweya wa panja, motero kutenthako kumatuluka mosavuta kumsana kuja. Akatero amabwerera kukhala madzi, n'kudutsa pa kapaipi kopyapyala kwambiri komwe kamamuziziritsanso, ulendo n'kuyambiranso.

Madzi aja amadontha kumbuyo si chizindikiro choti yawonongeka. Ndi chinyezi cha mumpweya chomwe chagunda timapaipi tozizira, monga botolo lochokera mufiriji limachitira thukuta. Ndipotu Willis Carrier, yemwe anayambitsa eyakoni yamakono, atapanga makina ake ku America mu 1902, sankafuna kuziziritsa anthu. Ankalimbana ndi chinyezi chomwe chinkasokoneza mapepala pa kampani ina yosindikiza ku Brooklyn, mumzinda wa New York. Poti imachotsa chinyezi chotere, eyakoni imathandiza kwambiri mu Disembala ndi Januwale, pomwe thukuta limangokakamira pathupi osauma.

Tsono vuto lanu lalikulu ndi denga, ndipo apa ndinene mosabisa. Malata opanda siling'i masana amakhala ngati chiwaya pamutu panu, komanso mpweya umalowa ndi kutuluka m'mipata ya pansi pa denga. Kuyatsa eyakoni m'chipinda chotero kuli ngati kutunga madzi ndi dengu. Kompuresa sipuma, mayunitsi amangopita. Eyakoni ya 12,000 BTU imadya magetsi okwana pafupifupi mawati 1,000 mpaka 1,200 kompuresa ikamagwira ntchito. Ikayaka maola 8 osapuma, ndiye mayunitsi 8 kapena kuposerapo usiku umodzi. Fani ya mawati 60, pa maola omwewo, sifika ndi theka la yunitsi lomwe. Werengerani nokha pa mtengo womwe mumagulira mayunitsi a ESCOM, muchulukitse ndi masiku 30.

Komabe fani ili ndi malire ake. Sitsitsa kutentha kwa chipinda ngakhale pang'ono, imangothandiza thukuta kuuma msanga. Kukatentha mopyola muyeso imangokupemererani mpweya wotentha. Nzeru yake ndi iyi: usiku kunja kukayamba kuzizirako, iyikeni pawindo kuti izikokera mpweya wapanja m'nyumba, windo lina likhale lotsekula. Neti ya udzudzu musaiwale.

Pali makina ena otsika mtengo othiramo madzi, omwe ogulitsa ena amawatchula eyakoni pomwe si eyakoni. Amagwira ntchito ngati mtsuko wadothi: madzi akamauma, amatenga kutentha. Mu Seputembala ndi Okutobala, mpweya uli wouma, amathandizako. Mvula ikangoyamba amangowonjezera chinyezi. Eyakoni yamatayala yokhala ndi paipi yotulutsira pawindo sindiyikonda kwenikweni, chifukwa kompuresa yake imakhala m'chipinda momwemo ndi phokoso lake lonse, ndipo zambiri zimataya panja mpweya womwe zaziziritsa kale.

Yopachika pakhoma ija, yomwe amati split, ndi makina omwewa koma ogawidwa pawiri: kompuresa panja, chopemerera m'nyumba. Siisokosa, ndipo ikakhala ya inverter imachepetsa liwiro m'malo momangozima ndi kuyaka, choncho imadya magetsi mwaulemu. Koma ndi yodula, imafuna mmisiri woidziwa, ndipo tsiku losamuka mudzamulipiranso kuti aichotse. Kwa munthu wa lendi, apa ndi pomwe ya pawindo imapambana: zonse zili m'bokosi limodzi, mukhoza kusamuka nayo.

Ingoyang'anani kaye windo lanulo. Makinawa anapangidwira mawindo okankhira m'mwamba monga a ku America. Athu ambiri ndi achitsulo otsekulira kunja, kapena a magalasi opingasa, kuwonjezera apo pali zitsulo zotchinga akuba. N'chifukwa chake m'maofesi akale mumaziona zitalowetsedwa pakhoma loboola. Kuboola khoma la eni ake kumafuna chilolezo chawo.

Ndikadakhala ine, ndikadayamba ndakambirana ndi eni nyumba za siling'i, ngakhale ya chipinda chogona chokha, mwina ndalamayo n'kumadula pa lendi. Siling'i ndi fani zikalephera, pamenepo gulani eyakoniyo, muziyatsa chipinda chimodzi chitseko chili chotseka.

Musanapereke ndalama, iyatseni kwa mphindi 20 mumve ngati kompuresa ikuyakadi ndipo mpweya ukuzizira. Werenganinso kachikwangwani ka pambali. Pakalembedwa R-22, dziwani kuti gasi ameneyo akuthetsedwa padziko lonse potsatira pangano la Montreal la 1987 chifukwa amawononga ozoni (mpweya wa kumwamba wotitchinjiriza ku cheza choopsa cha dzuwa), ndiye akadzatayika kumupeza kudzakhala kovuta. R-410A kapena R-32 ndiye wamakono. Poyika, ipendekere pang'ono kunja kuti madzi asadonthere m'nyumba, mutseke mipata yonse m'mbali, ndipo sefa yake ya mpweya muzitsuka milungu iwiri iliyonse nyengo ya fumbi. Magetsi akazima n'kubwera, dikirani mphindi zosachepera 3 musanayatsenso, apo ayi kompuresa imavutika podzuka ndipo ikhoza kupsa.